Buku, foni, mawu kapena kanema: njira yabwino yoti wophunzira akumane ndi nkhani ya ku Gilead ndi iti?

Chakumapeto kwa teremu yachiwiri, mtsikana wina wa Fomu 4 yemwe ndimamuphunzitsa Chingerezi kuno ku Mangochi anandibwezera buku lomwe ndinamubwereka atangoliwerenga kupitirira theka. Analiika patebulo ndi manja awiri, koma sanachoke. Nditamufunsa ngati Chingerezi cha m'bukumo chinamulemera, anayankha motsitsa mawu kuti, "Ayi Madamu, ndamva zonse, n'chifukwa chake ndabweza."

Bukulo ndi The Handmaid's Tale, lomwe Margaret Atwood wa ku Canada anatulutsa mu 1985. Lili m'gulu la nkhani zopeka zomwe zimajambula dziko lam'tsogolo momwe olamulira alanda anthu ufulu wonse. Dziko la America lagwa, m'malo mwake mwabwera boma lotchedwa Gilead, ndipo popeza kubereka kwachepa kwambiri, akazi omwe akadali obereka amagawidwa m'nyumba za akuluakulu olamulira ngati adzakazi kuti aziwaberekera ana. Chomwe chinamulasa wophunzira wangayo sichinali mitembo yopachikidwa pakhoma kapena zovala zofiira za adzakaziwo. Chinali chigawo chomwe wofotokoza nkhaniyi, mayi yemwe pambuyo pake anasandutsidwa mdzakazi, akupita kusitolo n'kupeza kuti khadi yake ya ndalama yatsekedwa, tsiku lomwelo n'kuchotsedwa ntchito pamodzi ndi akazi anzake onse, kenako n'kumva kuti ndalama zake zasamutsidwira kwa mwamuna wake. Amayi a mtsikanayu amagulitsa usipa wouma, koma ndalama zonse zimakalowa mufoni ya abambo ake, omwe amadziwa okha nambala yachinsinsi. Anawerenga chigawocho usiku, yekhayekha, popanda woti amufunse kanthu.

Kuyambira pamenepo, aphunzitsi anzanga ndi makolo angapo akhala akundifunsa njira yabwino yopezera nkhaniyi, poti ena anaimva kwa achibale a ku Joni ndipo ena anaona tizidutswa ta kanema wake pa Facebook. Ndimawayankha kuti njira yomwe mwana akumana nayo ndi nkhani yotere imatha kumusiya akuganiza mozama kapena kumusiya ndi bala chabe, choncho tisasankhe pongoona kuti yotchipa ndi iti.

Zoyenera kuyang'ana posankha

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo pamenepa ndikuwerengera bandulo, thiransipoti ndi kutchajitsa foni, osati ndalama yogulira yokha. Chachiwiri ndi kapezekedwe, kutanthauza ngati munthu wa ku Namwera, ku Makanjira kapena ku Monkey Bay angaipezedi popanda kukhala ndi khadi ya kubanki yolipirira kunja. Chachitatu ndi kasamalidwe, ndiye kuti zomwe zimafunika kuti chinthucho chikhalitse n'kuthandizanso ena. Chachinayi, chomwe kwa ine n'chachikulu kuposa zonse, ndi zoopsa zake, kuyambira pa kuphwanya lamulo mpaka pa zomwe zingachitike mumtima mwa wowerenga. Mphotho zomwe bukuli ndi kanema wake zinalandira sindikuziwerengera, chifukwa sizitiuza ngati mwana wa zaka 16 angazisenze.

Njira yoyamba: buku lapepala

Mtengo: Latsopano ndi lodula, pakuti limachokera kunja, ndipo kuchokera pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse choitanitsa chinakwera. Lakale, lomwe ena analiwerenga kale, limatsika kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti mumalipira kamodzi kokha, ndipo buku limodzi likhoza kudutsa m'manja mwa ana makumi awiri.

Kapezekedwe: Bukuli silili pamndandanda wa mabuku a mayeso a MSCE, choncho ogulitsa mabuku asukulu saona chifukwa cholisungira. Njira zodalirika ndi kutuma munthu wopita ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti akayang'ane m'masitolo a mabuku ndi kwa ogulitsa mabuku akale, kufunsa kunthambi ya National Library Service yomwe muli nayo pafupi, kapena kupempha m'bale wa ku Johannesburg kuti aliike m'katundu wobwera pa basi. Kuno kwathu, komwe pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, njira yomalizayi ndi yomwe imatheka msanga.

Kasamalidwe: Adani a pepala kuno ndi chiswe, chinyezi cha nthawi yadzinja ndi thukuta la mwezi wa Okutobala, lomwe limanyowetsa chikuto mwana akalinyamula m'manja kuchokera kusukulu. Likutireni ndi pulasitiki tsiku lomwe lafika, musaliike pansi kapena kuligunditsa kukhoma, ndipo lembani m'kope dzina la aliyense wobwereka, chifukwa buku lokoma likalowa m'hosteli limayenda bedi ndi bedi mpaka osadziwikanso mwini wake.

Zoopsa: Bukuli lili ndi mitu 46 ndi masamba pafupifupi 300, ndipo wofotokoza amadumphadumpha pakati pa zomwe zikumuchitikira ndi zomwe akukumbukira, nthawi zambiri popanda zizindikiro zosonyeza kuti wina akuyankhula. Wophunzira wa Chingerezi chofooka amatha kulisiya pa mutu wachisanu. Choopsa china n'chakuti ambiri amadumpha chigawo chomaliza poganiza kuti ndi zowonjezera chabe, chikhalirecho ndi gawo la nkhani: akatswiri a mbiri akumana m'chaka cha 2195 kukambirana za umboni wa mayiyu, ndipo wokamba wamkulu akuchita nthabwala zonyoza akazi uku omvera akuseka. Wodumpha pamenepo waphonya funso lalikulu la bukuli, lakuti kodi umboni wa mkazi umamvedwa motani ngakhale nkhanzazo zitatha. Pambali pa izi, pepala lili ndi chitetezo chomwe njira zina zilibe: wowerenga amatha kutseka buku, kupuma, n'kudzapitiriza mawa, ndipo zithunzi zomwe amaona ndi zomwe maganizo ake omwe angakwanitse kujambula. Wophunzira wanga uja anatha kulibweza, ndipo kubwezako ndi komwe kunatipatsa mpata wokambirana.

Njira yachiwiri: kuwerenga pafoni

Mtengo: Buku la mawu okhaokha ndi laling'ono kwambiri, mamegabayiti ochepa chabe, moti bandulo si vuto. Vuto ndi kulipira, chifukwa malo ogulitsa ngati Amazon amafuna khadi ya kubanki yolipirira ndalama zakunja, zomwe ophunzira ambiri alibe.

Kapezekedwe: Kwa amene ali ndi khadi yotereyi, bukuli limafika mphindi yomweyo. Kwa ena onse limafika ngati PDF yoyenda m'magulu a WhatsApp, ndipo kumeneku ndi kuba, ngakhale tazolowera kusakutchula choncho. Bukuli likadali lotetezedwa ndi malamulo a umwini, ndipo nafenso tili ndi lamulo lathu la 2016 pankhaniyi, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira. Mphunzitsi yemwe amalimbikitsa ana kulemba kuti tsiku lina adzadyerepo sangawagawire buku lakuba ndi mtima woyera.

Kasamalidwe: Pafunika foni yokhala ndi moto, ndipo magetsi akazima kapena sola ikakhala yofooka, kuwerenga kumaima. Foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi kudoko, buku lomwe munagula limabwereranso mukalowa muakaunti yanu, pomwe PDF ija imapita nayo limodzi.

Zoopsa: Sukulu zambiri za sekondale sizilola mafoni, choncho kuwerenga kumachitika kunyumba, kawirikawiri pafoni yobwereka kwa bambo, mlongo kapena chibwenzi. Ndimaona kuti n'zopweteka kuti mtsikana awerenge nkhani ya akazi oletsedwa kuwerenga, momwe ngakhale zikwangwani za masitolo zasinthidwa kukhala zithunzi, pachipangizo chomwe mwamuna angamulande nthawi iliyonse n'kuona zomwe amawerenga. Masamba ambiri a pa intaneti olonjeza mabuku aulere amadzazanso foni ndi mavairasi ndi zithunzi zolaula, ndipo mauthenga olowa mphindi iliyonse amadula maganizo pa buku lomwe limafuna kudekha.

Njira yachitatu: kumvetsera wina akuwerenga

Mtengo: Buku lojambulidwa mawu limadula kuposa lowerenga pafoni, limafunanso khadi yomweija, ndipo poti limatenga maola pafupifupi 11, kulitsitsa kumadya mamegabayiti mazana angapo.

Kapezekedwe: Limapezeka pa Audible, malo a pa intaneti ogulitsa mabuku omvetsera, ndipo lodziwika kwambiri ndi lomwe anawerenga katswiri wa makanema Claire Danes. Kwa wophunzira wa vuto la maso, iyi ndi njira yabwino yoti akumane ndi nkhani yonse popanda kudalira mnzake.

Kasamalidwe: Memori khadi, mahedifoni ndi moto wa foni ndizo zonse zofunika.

Zoopsa: Katchulidwe ka Chingerezi cha ku America kamathamanga kwa khutu lozolowera Chingerezi cha m'kalasi mwathu, ndipo bukuli limasewera kwambiri ndi mawu, monga pomwe mkulu wa nyumbayo amaitana mdzakazi mobisa kuti asewere naye Scrabble, masewera opanga mawu polumikiza zilembo, zomwe zimamveka bwino ukamaona zilembo. Komabe njirayi ikugwirizana ndi nkhaniyo mwapadera, chifukwa kumapeto timamva kuti umboni wa mayiyu unapezeka utajambulidwa pa makaseti.

Njira yachinayi: kanema

Mtengo: Kanema wa magawo yemwe kampani ya Hulu inayamba kuonetsa mu 2017, momwe Elisabeth Moss ndiye mdzakazi, anatha mu 2025 atafika masizoni 6 ndi magawo 66. Gawo lililonse limatenga pafupifupi ola, choncho kuonera pa intaneti kumadya bandulo yochuluka kuposa njira zonse zomwe ndatchula, osawerengera ndalama yolembetsera mwezi ndi mwezi.

Kapezekedwe: Kunena zoona, achinyamata ambiri kuno amapeza makanema kumalo obenera, komwe amawaikira pa fulashi kapena pa memori khadi ndi ndalama yochepa. Ndi njira yapafupi kwambiri, komanso ndi yophwanya lamulo lomwelija la umwini. Palinso filimu yakale ya 1990 yomwe anakonza Volker Schlöndorff, koma ndi yovuta kuipeza.

Kasamalidwe: Pafunika TV kapena laputopu, magetsi okhazikika ndi malo oonerapo omwe ana aang'ono salowamo, chinthu chovuta m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Zoopsa: Apa ndi pomwe ndimachenjeza kwambiri. Kanemayu anakonzedwera akuluakulu. Mwambo wa mwezi ndi mwezi womwe mdzakazi amagwiriridwa pamaso pa mkazi wa mwini nyumba, womwe m'buku wafotokozedwa ndi mawu ozizira a munthu yemwe wachotsapo maganizo ake kuti apirire, pakanema umaoneka ndi maso mobwerezabwereza. Opanga kanema anawonjezeranso nkhanza zomwe m'buku mulibe, monga kukolowola diso la mmodzi wa adzakazi. Sizoni yoyamba yokha ndiyo ikutsatira bukuli, ndipo zotsatirazo ndi nkhani yopitiriza yomwe imamusandutsa mayiyu kukhala ngwazi yolimbana ndi boma, pomwe wa m'buku ndi munthu wamba, wamantha, yemwe nthawi zina amagonja. Ine ndimaona kuti wa m'bukuyo ndi amene amaphunzitsa zambiri, chifukwa ambirife tikanakhala ngati iyeyo. Mtsikana yemwe anachitidwapo nkhanza akhoza kudzutsiridwa zonse ndi chithunzi chimodzi, ndipo akakhala pagulu loonera sangathe kuimitsa kapena kutuluka popanda kudziulula. Ndaonanso kuti anyamata akaonera okhaokha amakumbukira zithunzi za kugonana n'kuiwala chomwe chikutsutsidwa.

Palinso buku lazithunzi lomwe anajambula Renée Nault mu 2019. Ndi lalifupi ndipo limathandiza wa Chingerezi chofooka, koma ndi lodula kuposa buku wamba, silipezeka msanga, ndipo zithunzi zake zili ndi vuto lofanana ndi la kanema, ngakhale pang'ono.

Njira yachisanu: kuwerengera limodzi pagulu

Mtengo: Buku limodzi kapena awiri, ndi nthawi ya munthu wamkulu masana amodzi pa sabata kwa teremu yathunthu. Ndalama ndi yochepa, koma nthawiyo ndi yambiri, ndipo mphunzitsi salipidwa kanthu pa ntchitoyi.

Kapezekedwe: Chosowa si buku koma wotsogolera yemwe waliwerenga lonse mpaka kumapeto, wodziwa Chichewa ndi Chiyao mokwanira kuti ana afotokoze zakukhosi m'chiyankhulo chomwe amalirira nacho. Mawu oti mdzakazi ana athu amawadziwa kale, ndipo mutu 30 wa Genesis, pomwe Rakele akupereka Biliha kwa Yakobo kuti amuberekere, ndi womwe Atwood anaika koyambirira kwa bukuli ndiponso womwe olamulira a Gilead amadzikhululukira nawo.

Kasamalidwe: Gulu limafuna chilolezo cha ahedi, ndipo ndi nzeru kudziwitsa komiti ya makolo ndi gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu musanayambe, kuti asadzamve mphekesera yakuti aphunzitsi akuwerengetsa ana zolaula. Mvula ikayamba, ana ochokera kutali amajomba, ndipo mayeso akayandikira gulu limatha lokha, choncho teremu yoyamba ndiyo yabwino.

Zoopsa: Zilipo zitatu zomwe ndakumana nazo. Choyamba n'chakuti nkhaniyi imatsegula pakamwa. Mwana akhoza kuulula pagulu kapena kumbali kuti akuchitidwa nkhanza kapena akukakamizidwa kukwatiwa, ndipo wotsogolera ayenera kukhala atadziwiratu chochita: nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ofesi ya Victim Support Unit kupolisi, ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma. Amene sanakonzekere zimenezi asayambe gulu.

Chachiwiri ndi chipembedzo. M'kalasi mwathu mumakhala Asilamu ndi Akhristu, ndipo nkhani ya hijabu m'sukulu inavutapo m'chigawo chino. Tsiku lina mnyamata wina analoza mnzake wovala hijabu pomwe tinkawerenga za zophimba kumutu za adzakazi, ndipo ndinaimitsa kuwerenga kuti tikambirane. Ndinawakumbutsa kuti boma la Gilead limagwiritsa ntchito mavesi a m'Baibulo, komabe limapachika ansembe a Katolika, limasaka a Quaker ndipo likumenyana ndi a Baptist, kusonyeza kuti chomwe bukuli likutsutsa ndi ulamuliro wobisala kumbuyo kwa chipembedzo. Ndinawauzanso kuti funso si lakuti mkazi wavala chiyani, koma ngati ali ndi ufulu wosankha. Dziko lathu lomwe linali ndi lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, lomwe linachotsedwa pomwe tinkabwerera ku ndale za zipani zambiri, ndipo mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha zovala zomwezo. Kuvula mkazi mokakamiza ndi kumuveka mokakamiza zimachokera pamuzu umodzi.

Chachitatu n'chakuti wotsogolera amatha kuyankhula kwambiri n'kuwapatsa ana mayankho okonzeratu. Zokambirana zabwino kwambiri zomwe tinakhala nazo sizinachokere kwa ine. Mtsikana wina atazindikira kuti dzina loti Offred, lomwe wofotokoza nkhaniyi amatchulidwa nalo, likutanthauza wa Fred, ndipo limasintha mdzakazi akasamutsidwira kwa mwamuna wina, ananena kuti kwathu Naphiri amakhalabe Naphiri ngakhale akwatiwe katatu. Mnzake anayankha kuti nayenso Abiti amatchulidwa ndi dzina la bambo ake, osati lake, ndipo anakangana mwaulemu mpaka belu linalira. Pagulu pomwepo ndi pomwe mbiri yathu imalowa mosavuta. Atwood wakhala akunena kuti sanaikemo chilichonse chomwe anthu sanachitepo kwinakwake, ndipo chitsanzo chimodzi ndi Romania, komwe lamulo la 1966 la mtsogoleri wa dzikolo, Nicolae Ceaușescu, linaletsa kuchotsa mimba pofuna kuchulukitsa anthu mokakamiza. Ana athu amadabwa akamva kuti mu 1985, chaka chomwe bukuli linatuluka, ndakatulo za Jack Mapanje, mwana wa boma lino la Mangochi, zinachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale, ndipo iye anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Amadabwanso kuti mtsikana wotenga mimba analoledwa kubwerera kusukulu kuyambira mu 1993 mokha, ndiponso kuti malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asakwatiwe asanakwanitse zaka 18. Akamva zaka zimenezi amaona kuti ufulu womwe ali nawo ndi wa dzulodzuloli, wamng'ono kuposa amayi awo.

Njira iti kwa yani

Wophunzira wa Fomu 3 kapena Fomu 4 awerenge buku lapepala pagulu lokhala ndi munthu wamkulu wokonzeka, ndipo kwa wa Fomu 1 ndi Fomu 2 ndi bwino kudikira. Ngati gulu palibe koma mwanayo ndi wokonda kuwerenga, mupatseni buku lapepala pokhapokha inuyo mwaliwerenga, ndipo muzimufunsa masiku angapo aliwonse pomwe wafika, makamaka akamayandikira mutu 16, womwe ukufotokoza mwambo uja, ndi mutu 28, womwe unamupweteka wophunzira wanga.

Wophunzira wa kukoleji yemwe ali ndi foni yakeyake ndi njira yolipirira agule la pafoni, chifukwa adzatha kufufuza mawu msanga polemba ntchito ya m'kalasi, ndipo akalimaliza angapitirize ndi The Testaments, lomwe Atwood anatulutsa mu 2019 kupitiriza nkhani ya Gilead. Wa vuto la maso, kapena wogwira ntchito ya manja yomwe imamulola kumvetsera, asankhe lojambulidwa mawu, ndipo ngati n'kotheka akhale ndi mnzake wa buku lapepala woti azimufotokozera malo osokoneza. Wa Chingerezi chofooka adzapindula kwambiri ndi gulu lomasulirana m'Chichewa kapena m'Chiyao kusiyana ndi buku lazithunzi lomwe angalivutikire kupeza.

Kanema ndimamusiyira munthu wamkulu yemwe wawerenga kale bukuli, ndipo mphunzitsi wofuna kumugwiritsa ntchito asankhe kachigawo kafupi kopanda nkhanza, ataonera yekha kaye. Kwa mwana yemwe mukudziwa kuti anachitidwapo nkhanza, musamupatse njira iliyonse mwa izi mwadzidzidzi: muuzeni zomwe zili m'nkhaniyi, asankhe yekha, ndipo akakana musamukakamize. Wophunzira wanga uja anasankha gulu. Anabwera sabata yachitatu, anakhala kumbuyo osayankhula, ndipo titafika pa mutu 28 anapempha kuti awerenge ndi iyeyo mokweza.